KODI TIDASEKA CHIYANI?

Mwezi wathawu bambo anga adanditumizira thumba la mtedza ndi ufa pang'ono, ndipo m'kati mwa thumbalo mudali kalata. Idali yaifupi, yolembedwa pa pepala long'amba m'kope la mng'ono wanga, koma idali ya m'Chingerezi. Bambo anga sukulu adalekezera Sitandade 6, ndipo kwathu sitidayankhulanepo Chingerezi ngakhale tsiku limodzi. Ndikhulupirira adaganiza kuti kalata yopita ku yunivesite iyenera kuvala jekete, monga momwe iwo amavalira jekete akamapita ku boma.

Pamene ndinkaiwerenga, m'chipinda mudali anzanga atatu, akukukuta mtedza womwewo. Mmodzi adasuzumira paphewa panga nawerenga mokweza: "Your mother is greeting you, he is well. We are playing for you every night." Chipinda chonse chidafa nalo phwete. Wina adafunsa kuti makolo anga amasewera chiyani usiku, bawo kapena mpira. Wina adati sankadziwa kuti mayi anga ndi mwamuna. Ndipo ine mwini kalata ndidaseka nawo. Ndidaseka koposa onse, kuti asaganize kuti ine ndi Chingerezi chimenecho tidatuluka m'nyumba imodzi.

Usiku umenewo ndidasowa tulo, ndipo funso limene lidandigoneka m'maso ndi limene ndabwera nalo kwa inu. Kodi tidaseka chiyani? Pa anayi tonsefe padalibe amene sadamve. Tonse tidadziwa kuti "playing" uja ndi "praying", kuti bambo ndi mayi amagwada usiku uliwonse kundipempherera. Ngati ntchito ya chiyankhulo ndi kusenza ganizo kuchokera m'mutu wina kukalitula m'mutu wina, kalatayo idagwira ntchito yake yonse. Nanga nthabwala idali pati? Kodi munthu wophonya chiyankhulo walakwa motani, kuti chilango chake chikhale manyazi?

Poyamba tiyeni tione mawu akuti kulakwa. M'Chichewa mawu amodzi omwewa amasenza akatundu awiri. Mwana amene wapeza 8 powonkhetsa 3 ndi 4 timati walakwa. Munthu amene waba mbuzi ya mnzake timatinso walakwa. Komatu zolakwa ziwirizi si zapachibale. Wakuba mbuzi adaidziwa njira yabwino nasankha yoipa, ndipo pali wina amene akulira chifukwa cha iye. Mwana wa samu uja sadasankhe kanthu ndipo sadapweteke munthu. Wangophonya monga amaphonyera mlenje. Vuto lathu ndi lakuti pa nkhani ya Chingerezi timasakaniza ziwirizi. Munthu akaphonya timamuyang'ana ngati tamugwira ndi mbuzi ya eni, ndipo iyenso amazyolika ngati wabadi.

Tsono tione kumene kuphonyako kumachokera. Chitsime choyamba ndi chiyankhulo chimene munthu adayamwira. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi lovala malaya awiri. Paja ku pulayimale adatiphunzitsa kuti r amalembedwa pambuyo pa i kapena e, ndipo l kwina konse: kulira, kulera, kulola. Palibe mawu awiri a Chichewa amene amasiyana tanthauzo chifukwa cha l ndi r basi. Choncho khutu la bambo anga lidaphunzira kuyambira ali kumsana kuti kusiyanitsa awiriwa ndi kutaya nthawi, ndipo "pray" ndi "play", "rice" ndi "lice", kwa iwo ndi mapasa. Ife tili ndi maliwu asanu okha, a, e, i, o, u, pamene Chingerezi cha kummwera kwa England chili ndi maliwu otere pafupifupi 20. N'chifukwa chake "ship" ndi "sheep", "live" ndi "leave", zimatisokonekera pakamwa ndi papepala pomwe. Mlowam'malo wathu iye sasankha mwamuna kapena mkazi, ndiye mayi anga adasanduka "he". Wonena kuti "borrow me your pen" akungoti ndibwereke cholembera, ndipo wonena kuti "I am coming" uku akutuluka pakhomo akungoti ndikubwera. Zonsezi sizisonyeza mutu wopanda kanthu. Zisonyeza mutu umene udali kale ndi dongosolo lake, Chingerezi chisanafike kudzapempha malo.

Mwina wina anena kuti imeneyo ndi mbiri ya ife alendo, eni chiyankhulo saphonya. Ayi ndithu, amaphonya, ndipo zina mwa zophonya zawo ife sitizichita kawirikawiri. Iwo adayamba kuchimva chiyankhulocho asanachione, pamene ife tidayamba kuchiona pa bolodi tisanachimve bwino. Mwana wa ku London kapena ku Chicago amalemba "could of" m'malo mwa "could have", chifukwa pakamwa pake ziwirizi zimamveka chimodzimodzi. Amasokoneza "their", "there" ndi "they're", amasokoneza "your" ndi "you're", ndipo kachizindikiro ka mu "it's" amakaika pamene pafunika "its". Akuluakulu ophunzira bwino amanena kuti "for all intensive purposes" pamene mawu ake ndi "for all intents and purposes", ndipo ena amakula akukhulupirira kuti pali "doggy-dog world" pamene eni mwambi ankanena za "dog eat dog", dziko limene galu amadya galu mnzake.

Kuphonya kwa mtundu umenewu kuli ndi nzeru yake. M'chaka cha 2003 katswiri wa ziyankhulo, Geoffrey Pullum, adakupatsa dzina lakuti "eggcorn", potengera mayi wina amene ankalemba "egg corn" pofuna kunena "acorn", kambewu ka mtengo wa oak. Taganizani: kambewuko n'koumbika ngati dzira, ndipo ndi mbewu ndithu. Mayiyo adamva mawu opanda tanthauzo kwa iye, nawapatsa tanthauzo. Kale m'chaka cha 1954 mlembi wa ku America, Sylvia Wright, adasimba kuti ali mwana ankamva m'nyimbo ina yakale ya ku Scotland dzina la mkazi wotchedwa Mondegreen, ndipo ankamumvera chisoni mkaziyo, chonsecho m'nyimbomo mudalibe munthu wotero. Khutu lake lidamuumba kuchokera ku mawu ena. Lero "mondegreen" ndi mawu a m'dikishonale, otanthauza kumva molakwa mawu a nyimbo kapena ndakatulo. Khutu la munthu limakana phokoso lachabe, limafuna tanthauzo, ndipo likalisowa limapanga lake. Tikamaseka zotere tikuseka ubongo uli pa ntchito.

Chodabwitsa koposa n'chakuti Chingerezi cholondola chimene timachigwadirachi chadzaza ndi zophonya zakale zimene zidapambana. Zaka zoposa 500 zapitazo chovala cha kukhitchini chija chinkatchedwa "a napron". Anthu adamva molakwa pamene mawu oyamba athera, nayamba kunena kuti "an apron", ndipo lero wonena "napron" ndiye angasekedwe. Njoka yotchedwa "adder" idataya n wake m'njira yomweyo, pamene "nickname" adachita kutola n wa eni, poti kale adali "an ekename". Lembo la s mu "island" lidalowetsedwamo ndi anthu ophunzira amene adaganiza molakwa kuti mawuwa ndi apachibale ndi "isle". Lembo la b mu "debt" adaliikamo dala pofuna kukumbutsa Chilatini, koma palibe amene adalitchulapo. William Caxton adabweretsa makina osindikizira mabuku ku Westminster m'chaka cha 1476, nthawi imene katchulidwe ka Chingerezi kankasintha kwambiri. Pang'ono ndi pang'ono kalembedwe kadauma papepala pamene pakamwa pankapitirira kuyenda, ndipo k wa mu "knee" ndi "knight", amene kale ankamveka, adatsala ngati chitsa m'munda. Pofika 1755, pamene Samuel Johnson adatulutsa dikishonale yake yotchuka, zitsa zambiri zotere zidali zitakhazikika kale. Mwana wa kwathu akamavutika ndi kalembedwe ka Chingerezi, mbali ina akulipira ngongole ya anthu amene adafa kale.

Ifenso tili nazo zathu. Makolo athu ankaona mawu akuti "care of" pa makalata, ndipo m'makutu mwawo mudabadwa keyala. Adamva "steamer", ndipo tidapeza sitima, ya pamadzi ndi ya pamtunda yomwe. Palibe amene amaseka keyala lero. Ndi Chichewa chabwino. Ndipo si ife tokha tidamva molakwa. David Livingstone atafika ku nyanja yathu m'chaka cha 1859 adaitcha "Lake Nyasa", chonsecho nyasa m'Chiyao ndi nyanja kumene. Kunali ngati kunena kuti nyanja ya Nyanja. Kuchokera pamenepo dziko lonse lidatchedwa Nyasaland kuyambira 1907 mpaka 1964. Atsamunda adamva Thyolo nalemba Cholo, adamva Mulanje nalemba Mlanje, adamva Nkhotakota nalemba Kota Kota. Zophonya zimenezi sizidasekedwe. Zidasindikizidwa pa mapu ndi pa zidindo za boma, ndipo ana a eni dera ankazilemba pa mayeso kuti akhoze. Apa phunziro n'loonekeratu: anthu ambiri akaphonya pamodzi, chophonya chawo chimasanduka lamulo, ndipo wamphamvu akaphonya yekha, anthu amamutsatira. Amene amatsala ndi manyazi ndi munthu wamba wophonya yekha, monga bambo anga.

Ndikudziwa kuti pofika apa ena mwa inu mwayamba kugwedeza mutu. Mukuti: ngati zili choncho, ndiye palibe cholondola, palibe cholakwa, aliyense alembe momwe wamvera, aphunzitsi ataye zolembera zawo zofiira. Ganizo limeneli limakoma pokambirana pansi pa mtengo, koma ine ndikulikana, ndipo zifukwa ndili nazo ziwiri.

Choyamba, chiyankhulo ndi pangano. Kuno magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, ku America amayenda kumanja. Palibe mbali yopatulika, anthu adangopangana. Koma woyendetsa amene anganene kuti poti ndi pangano chabe iye ayenda mbali imene wafuna, apha anthu. Momwemonso pali zophonya zimene zimapweteka. Pa chikalata cha ngongole, kusokoneza "borrow" ndi "lend" kumasandutsa wokongoza kukhala wokongola. Namwino amene wamva "fifty" pamene dokotala wati "fifteen" sadaphonye galamala chabe. Pamene moyo, chuma kapena ufulu wa munthu wina watsamira pa mawu athu, kusasamala kumachoka ku kulakwa kwa mwana wa samu kuja, n'kulowa ku kulakwa kwa wakuba mbuzi.

Chachiwiri, chipata chilipo ndipo n'chotseka. M'dziko muno munthu salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale samu ndi sayansi atakhoza bwanji. Polowa ku yunivesite pamafunika makirediti 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala pomwepo. Malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Mwina tingatsutsane ngati zimenezi n'zachilungamo, ndipo tiyenera kutero. Koma ife amene tidadutsa kale pachipatapo, tikamauza mng'ono wathu wa Folomu 2 kuti "he" ndi "she" zilibe kanthu, tikumunamiza. Tikumutsekera kunja uku tikumumwetulira. Kukonza mnzako ndi udindo. Paja akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono ngati kukonza n'koyenera, kodi anzanga aja ndi ine sitinkakonza? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kukonza ndi kuseka zimayambira pa cholakwa chimodzi, koma zimafuna zinthu zosiyana. Wokonza amafuna cholakwacho chithe. Amakukokera pambali, amatsitsa mawu, ndipo mawa ukanena bwino amakondwa. Woseka amafuna cholakwacho chikhalepo. Amaitana anthu, amakweza mawu, ndipo mawa ukanena bwino amagwiritsidwa mwala. Bambo anga akadalemba "praying", madzulo aja tikadasowa chosangalatsa. M'chipinda muja mudalibe amene ankafuna kuti bambo anga adziwe kanthu. Iwo adali kutali, kumudzi. Chimene tinkachita chidali kuuzana ife eni kuti tidawoloka mtsinje, iwo adatsala tsidya lija.

M'buku la Oweruza, mutu 12, muli nkhani imene imandiopsa. Anthu a ku Gileadi atagonjetsa Aefraimu adatsekereza madooko a Yordano, ndipo aliyense wofuna kuwoloka ankamuuza kuti atchule mawu akuti Shiboleti. Mwefraimu lilime silinkamulola; ankati Siboleti, ndipo ankaphedwa pomwepo. Bukulo likuti adafa anthu 42,000. Alonda a padooko aja tanthauzo ankalimva bwino lomwe. Iwo sankafuna tanthauzo, ankafuna kudziwa kuti uyu ndi wathu kapena ayi. Ife sitipha munthu, koma l ndi r timamugwiritsa ntchito yomweyo: kudziwa amene adaphunzira sukulu ya m'tauni ndi amene adaphunzira pansi pa mtengo, mwana wa bwana ndi mwana wa mlimi.

Ngati mukukayika, yesani ichi. Mzungu akabwera kuno n'kupotoza moni wathu mpaka osamveka, timaomba m'manja, timati koma bwanawa Chichewa amachitha. Mnzathu wa pa yunivesite pano akalephera kulemba bwino chiganizo chimodzi cha Chichewa, sachita manyazi. Ena amachita kunyadira, amati Chichewa chimandivuta ine. Tikadakhala anthu okonda kulondola kwa chiyankhulo, zonsezi zikadatipweteka mofanana. Poti zimatipweteka mbali imodzi yokha, chimene timakonda si kulondola ayi, ndi mpando umene Chingerezi chimatikhazikapo.

Ndipo mpandowo miyendo yake ndi yofooka. Sabata yomweyo imene ndidaseka bambo anga, mphunzitsi wina adandibwezera nkhani yanga itafiira: ndidalemba "loose" pamene pankafunika "lose", ndipo kawiri konse ndidalemba "discuss about". Mnzanga wa nthabwala ya bawo uja sanena chiganizo popanda "cope up with", ndipo pa chikwangwani cha zidziwitso timawerenga "equipments" ndi "advices" zolembedwa ndi ife tomwe. Anyani amasekana zikundu. Kunena zoona, pakati pa bambo anga ndi ine, woyenera kudzudzulidwa ndine. Iwo adagwiritsa ntchito Chingerezi chonse chimene moyo udawapatsa, osasiyako. Ine ndili ndi laibulale, dikishonale ndi aphunzitsi, zimene fodya ndi mtedza wawo zidandilipirira, koma ndimaphonya chifukwa cha ulesi, ndipo nthawi zina chifukwa chotola mawu aakulu amene sindiwadziwa bwino, pofuna kuti andione.

Mtengo wa kusekaku amalipira ndi ena. Ku pulayimale kumene ndidaphunzira kudali kafupa ka ng'ombe komangidwa pachingwe. Wogwidwa akuyankhula Chichewa ankakavala m'khosi mpaka atagwira mnzake, ndipo wopezeka nako poweruka ankatchetcha udzu. Koma ukayesa Chingerezi n'kuphonya, kalasi lonse linkakuwa. Tsono ana anzeru adapeza njira yachitatu: kukhala chete. Ndikukumbuka mtsikana wina amene samu zonse ankazitha m'kope, koma chaka chathunthu sadakwezepo mkono. Chete yemweyo ndimamumva m'makalasi athu pano, pamene mphunzitsi wafunsa funso ndipo theka la kalasi likudziwa yankho, koma aliyense akuyamba wayeza chiganizo chake m'mutu kuti mwina muli "he" wosochera. Chiyankhulo sichiphunzirika popanda kuphonya, monga mwana saphunzira kuyenda popanda kugwa. Woseka wophonya sakuteteza Chingerezi. Akutseka pakamwa pa amene akadachidziwa.

Sindikunena kuti tisamaseke konse. Zophonya zina n'zoseketsadi, ndipo munthu amene sangaseke za "doggy-dog world" ndi wouma mtima. Bambo anga omwe amatiseketsa pamoto posimba momwe ankasokonezera malamulo a kapitawo wawo ali mnyamata pa esiteti. Muyeso umene ndaupeza ndi uwu: kodi mwini chophonyacho akadakhala pomwepo, akadaseka nawo, kapena akadayang'ana pansi? Ndipo kodi ine ndikadatha kuseka chimodzimodzi ndikuwayang'ana m'maso? Pa za madzulo aja yankho ndikulidziwa. Bambo anga akadaima pakhomo la chipinda chija, jekete lawo lili m'thupi, palibe mmodzi wa ife akadatsegula pakamwa, ndipo ine ndikadafuna nthaka itandimeza. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndidauona mwendowo, ndipo ndidaitana anzanga kuti adzauone nawo.

Padatenga masiku anayi kuti ndiyankhe kalatayo, chifukwa sindinkadziwa chiyankhulo choyankhira. Ndikadalemba Chichewa chokha, akadaganiza kuti Chingerezi chawo ndachikana. Ndikadalemba Chingerezi cha m'mabuku athuwa, akadaitana mng'ono wanga kuti awamasulire, ndipo jekete lija ndikadawavula pamaso pa mwana. Pomaliza ndidalemba mizere isanu ya Chingerezi chapafupi. Ndidawathokoza chifukwa cha mtedza, ndidati ndakondwa kumva kuti mayi ali bwino, ndipo pamenepo ndidalemba "she"; ndidati mapemphero awo ndikuwafuna, ndipo ndidalemba "pray" momveka, osadula mzere kunsi kwake. Ngati aona, aona; ngati sadaone, palibe chimene chatayika. Zotsalazo, za sukulu, za mvula ndi za ndalama ya mayeso, ndidalemba m'Chichewa.

Chimene sindidalembe ndi chakuti ndidaseka. Tchuthi chikubwerachi ndikapita kumudzi, ndipo sindidatsimikize ngati ndikawauze. Kalata yawo ndaisunga m'kati mwa dikishonale yanga, pa tsamba la P.